Tsiku Limene Apongozi Anaponda Kilachi

Ntchito yanga yoyamba pa galimoto sindinaipeze ku galaja. Inandipeza ndili pakhonde, kumudzi kwa mkazi wanga patsinde pa Michesi, ndikumata chubu cha njinga. Masiku amenewo ndinkakonza njinga zakapalasa ndi zamoto pansi pa mtengo ku Chiringa, ndipo injini ya chigayo ikatsamwa eni ake ankandiitana. Galimoto ndinkaidziwa poikankha basi, kupatula kalole ka mwini chigayo kamene ndinaphunzirirapo kugwira chiwongolero.

Kwathu kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndiye ine ndinali mkamwini. Ambiri masiku ano manyazi a upongozi anawasiya, koma apongozi anga aakazi anali akale kwenikweni. Sitinkayang'anana m'maso, sitinkadyera pamodzi, ndipo sitinkalankhulana popanda munthu wapakati. Tikakumana pa kanjira ka kudimba, ine ndinkapatukira m'nandolo, iwo m'chinangwa, aliyense n'kupereka moni kwa tchire. Mwana wathu Tadala anali atayamba kale kuyenda, koma mawu a agogo ake ndinkawadziwa pongowamva akulankhula ndi ena. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga Agnesi, ngakhale khutu langa litakhala pafupi kuposa la Agnesiyo.

Tsiku limenelo apongozi anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi nkhokwe, atandifulatira.

"Agnesi, uwafunse bambo a Tadala ngati chitsulo chili m'katoni muja angathe kuchiika m'galimoto ya Maliko."

Agnesi ananditembenukira nkhope ili gwa, ngati wachokera kutali ndi uthengawo. "Akuti kodi mungathe?"

Maliko anali mchimwene wake wa Agnesi. Ankagwira ntchito pa galaja ina ku Joni, ndipo kumeneko anagula galimoto yochita ngozi n'kumaiwongola pang'onopang'ono, mpaka Khirisimasi ina anatulukira nayo m'mudzi. Inali yabuluu, yaifupi, ya mphuno pa boneti ndi phiko kumbuyo, yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo inkalira mokhuthala ngati ng'oma yaikulu ya tchopa. Galimoto yopangidwira liwiro imeneyo ife tinaisandutsa ngolo. Inanyamula simenti, malata, azakhali ndi mbuzi, kukwera nazo kanjira kamiyala ka kumtunda, phazi la Maliko lili theka pa kilachi kuti pansi pasagunde miyala. Tsiku lina tinamva fungo lopsa, injini ikukuwa koma galimoto osasuntha. Tinaikankhira pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa apongozi. Maliko sanadandaule n'komwe. Anamenya denga lake n'kunena kuti, "Alamu, muziithamangitsira nkhuku. Ndikubwera ndi kilachi yatsopano, tidzaika awiri, ndidzakuphunzitseni."

Anabwerera ku Joni pa basi, ndipo m'nyengo yozizira chibayo chinamutenga. Anzake anabweretsa thupi, chikwama cha zovala ndi katoni yolemera. Kilachi ija anali atagula kale.

Katoniyo apongozi anaiika kunsi kwa bedi lawo. M'mawa uliwonse ankasesa mozungulira galimoto ija, kupukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje, akulankhula chapansipansi m'Chilomwe. Mvula inabwera n'kupita, matayala anaphwa, nkhuku zija ndinalephera kuzithamangitsa. Malume ake a Agnesi, a Bizwick, sanali munthu woipa, koma ankaona kuti galimotoyo ikungoola n'kumaitana njoka. Anagwirizana ndi anthu a ku Limbe ogula magalimoto akufa, aja amadula n'kugulitsa chiwalo chimodzichimodzi, kuti adzabwere ndi lole pa tsiku lomanga chiliza cha Maliko, abale onse ali pamodzi. Apongozi atamva anangoti, "Mwana wanga anabwera m'bokosi. Galimoto yake isachoke pano m'zidutswa." A Bizwick anayankha kuti, "Chabwino, achemwali. Ikayenda yokha lole isanafike, siidulidwa. Ikapanda kuyenda, musadzandiletse."

Ndiye funso lija linali lolemera kuposa mmene Agnesi analinenera. Ndinayang'ana chubu chili m'manja mwangacho, mantha atandigwira, koma pakamwa panga panayankha pokha. "Auze kuti ndiyesa."

Ndekha sindikanatha. Ku Chiringa kunali a Makwinja, makaniko wokalamba amene anagwira ntchito zaka zambiri m'magalaja a ku Limbe, mawondo atawakana n'kubwerera kumudzi. Ndinkawatenga m'mawa pa njinga yamoto n'kuwakhazika pa mpando wa ndalema pansi pa mango paja. Sipanala sankaigwira. Ankaloza ndi ndodo, ndipo ndikalakwitsa ndodo yomweyo inkandipeza pa akakolo.

Tinayamba ndi dzenje. Ndinakumba lalitali ngati msinkhu wanga, lofika m'chiuno, ndipo titapopa matayala tinakankhira galimoto pamwamba pake n'kuikhazika pa zipika za bulugamu. A Makwinja anakana njerwa. "Njerwa imasweka osatsanzika," anatero. Ndinachotsa batire, kenako bokosi loziziritsa mpweya limene limakhala kunsi kwa mphuno ya boneti ija, kenako sitata. Ndinakhetsera oyilo wa giyabokosi m'beseni lakale. Apa m'pamene ndinaona kuti galimoto yokoka ndi matayala onse simasulika msanga. Giyabokosi yake imagwira mbali zitatu: pulopela yopita kumbuyo, ndi mashafiti awiri opita ku matayala akutsogolo, aliyense wokhomedwa ndi kapini kamene umakatulutsa ndi msomali wodula nsonga ndi hamala. Ekizozi nayo inayenera kutsika, koma mabawuti ake anali atamera dzimbiri. Ndinkawathira dizilo madzulo n'kukawanyengerera m'mawa. Bawuti iliyonse ndinkaibaya pa katoni pamalo ofanana ndi pamene yachokera, chifukwa a Makwinja ankati yotsala m'manja ntchito itatha imakulondola mpaka kutulo.

Inali nyengo ya chiperoni. Nkhungu inkatsika ku Michesi n'kudzakhala pa mango, madontho ake akugwera pa denga la galimoto limodzilimodzi. M'dzenje muja munali kafungo ka dothi ndi oyilo, ndipo ndinkakondamo kuposa mmene ndinkavomerera. Kunsi kwa galimoto kunali fumbi louma la mitundumitundu, lofiira, loyera, lina lonyezimira, ndipo ndikalikanda ndi chikhadabo ndinkadzifunsa kuti ili ndi la dziko liti. Ine malire sindinawolokepo kupatula a ku Mozambique kokagula nsomba zouma. Ndinkangoyang'ana chitsulo chili pamwamba pa mphuno yanga, maganizo n'kunyamuka: msewu wakuda wowongoka, wopanda mwala kapena mbuzi, Maliko ali pa chiwongolero, ine pambali pake, mapiri achilendo akubwera n'kudutsa. Nthawi zina ndinkapeza bawuti imene mutu wake unali ndi kachizindikiro ka penti yachikasu, kusonyeza kuti iye anaimanga ndi dzanja lake, ndipo sipanala yanga inkaima kaye. Ndodo ya a Makwinja ndiyo inkandibweza. "Mwagona m'menemo, a kamwini?"

Tsiku lotsitsa giyabokosi ndinaitana anzanga awiri a kabaza. Tinamasula mabawuti onse oigwirizitsa ku injini, tinakoka, koma inangotseguka kampata kolowa chala n'kukana. Tinakokanso mpaka thukuta. A Makwinja anatisiya tivutike kaye, kenako anati, "Mukuzula chinangwa kapena? Kilachi ya galimoto iyi sikankhidwa, imakokedwa. Foloko yake yagwira beringi ngati mbedza." Anandilozera kachitseko kozungulira pambali pa giyabokosi. Nditakamasula, mkati munali kamtengo kachitsulo kamene folokoyo imazungulirapo. Ndinalowetsamo bawuti yaitali, kuipota pang'ono, n'kukasolola. Giyabokosi inabwerera m'mbuyo mofatsa, tinaitsitsa ndi zingwe n'kuigoneka pa tayala lakale.

Kilachi yakale inali itatha mpaka misomali yake kuonekera, ndipo filayiwilo ya ku injini, imene kilachi imagwirapo, inali ndi mawanga abuluu a moto. Ndinaikwecha ndi sandipepa mozungulirazungulira mpaka nkhope yake inayera. Kenako Agnesi anatuluka m'nyumba ya mayi ake atasenza katoni ija. Mkati munali mbale ya kilachi, pulesha puleti, beringi yaikulu ndi ina yaing'ono, zonse zokutidwa ndi malaya akale a Maliko. Malayawo ndinawapinda n'kumupatsa Agnesi. Chida choimikira mbale pakati tinalibe, ndiye ndinasema mpini wa khasu mpaka unalowa ndendende. A Makwinja anandionetsa mbali yoyang'ana ku injini, anandiletsa kugwira mbaleyo ndi zala za girisi, ndipo mabawuti a pulesha puleti anati ndimange modumphadumpha, uku kenako kutsidya, pang'onopang'ono. Kubwezera giyabokosi kunatidyera tsiku lathunthu, koma dzuwa likupendeka mano ake anakumana ndipo inalowa ndi kaphokoso kamodzi kokoma.

Masiku onsewa apongozi sanayandikire. Koma masana aliwonse ndinkapeza mbale ya kalongonda kapena chinangwa chophika pa chitsa chapafupi, yovundikira bwino, mwini wake osaoneka.

Titabwezera mashafiti, ekizozi, sitata ndi oyilo, chinatsala chinali chaching'ono. Kilachi imeneyi imayendera mafuta, ndipo makoswe anali atatafuna kapaipi kake ka mphira. Kena tinakapeza mochedwa, n'kukamanga madzulo oti mawa ndi tsiku la chiliza. A Makwinja anati, "Mawa mudzanditenge m'mamawa, tidzatulutse mpweya m'mapaipimo. Imeneyo ndi ntchito ya anthu awiri, wina kuponda, wina kutsegula."

Kunacha ndi nkhungu yoti mtengo wa mango sumaoneka uli pakhonde. Ndisanalize njinga, foni inalira. A Makwinja mawondo anali atatupa ndi kuzizira, sakanatha ngakhale kutsika pa bedi. "Ntchito mukuidziwa," anatero. "Pezani phazi la munthu." Koma phazi linali kuti? Amuna onse anali atapita kumanda ndi simenti ndi mchenga. Amayi anali kwa a Bizwick kophika, Agnesi ali komweko Tadala ali kumsana. Anzanga a kabaza anali pa ulendo wonyamula alendo. Lole ya ku Limbe inali itanyamuka kale.

Ndinathira mafuta a mabuleki m'kabotolo ka kilachi n'kuponda chopondera. Chinagwa pansi ngati chaponda phala, osabwereranso. Ndinayesa nzeru zaumphawi: kupopa chopondera ndi dzanja, kuchitsekereza ndi mtengo ku mpando, kuthamangira kutsogolo kukatsegula kabawuti kotulutsira mpweya. Mtengo unkaterereka ndisanafike, mpweya n'kubwereramo. Ndinachita zimenezi mpaka mafuta anatsala pang'ono m'botolo. Ndinakhala pa chitsa n'kugwira mutu. Ndinali ndi chisoni, komanso ndinali wokwiya, kuti phiri lonse lija ndakwera, ndikagwe ndi mpweya wosaoneka n'komwe.

Ndinadzuka kuti ndiyesenso komaliza. Ndili chowerama kutsogolo, boneti ili yotsegula pakati pa ine ndi galasi, ndinamva chitseko cha dalaivala chikutseguka. Galimoto inatsika pang'ono mbali imodzi. Ndinasuzumira pansi ndipo ndinaona patapata ziwiri zobiriwira zitavulidwa bwinobwino pafupi ndi tayala. Ndinkazidziwa. Apongozi sanapite kumanda, mtima sunawalole, ndipo nthawi yonseyi ankandionera pa zenera.

Iwo sakanandilankhula, ine sindikanawalankhula, ndipo Agnesi anali kutali. Madontho ankagwa pa denga. Kenako ndinamva mawu awo, otsika, omwe aja ankalankhulira popukuta magalasi.

"Maliko, mwanaka, uwafunse alamu ako. Zopondera zilipo zitatu. Ndiponde chiti?"

Ndinayang'ana injini, mapaipi, kabawuti ka penti yachikasu kali pafupi ndi dzanja langa. Kenako ndinayankha.

"Alamu, auzeni mayi aponde chakumanzere. Aponde n'kusiya, aponde n'kusiya, kenako agwire pansi."

Chopondera chinalira kwiii, kwiii. "Maliko, wauze kuti chakakamira pansi, sichikubwera."

"Alamu, auzeni achikoke ndi zala za kuphazi."

"Iii, Maliko, galimoto yakoyi ndi yamwano ngati mwini wake."

Ndinaseka mwangozi, ndipo kuseri kwa boneti ndinamva nawonso akuseka, kuseka kwa m'mphuno kosafuna kumveka. Ndinalumikiza kapaipi koonekera mkati pa kabawuti kaja, nsonga yake n'kuiviika m'botolo. Akagwira pansi ndinkatsegula pang'ono ndi sipanala yaing'ono, thovu n'kutuluka, ndikatseka ndiye iwo n'kukoka chopondera. Tinagwira ntchito atatu. "Alamu, apope." "Maliko, ndagwira." "Alamu, asiye." Mwendo wawo unali waufupi, moti anachita kukhala kunsonga kwa mpando atagwira chiwongolero ndi manja onse. Pakati pa kupopa ankamuuza mwana wawo nkhani zina: kuti nandolo wabereka bwino chaka chino, kuti Tadala ali ndi mphumi ngati yake, kuti denga lija anagulira malata silidontha. Ine ndinkangothira mafuta m'kabotolo kuti kasaume, maso ali pa thovu. Nkhungu inali itatizinga moti panalibe mudzi, panalibe phiri, koma galimoto yokha ndi mawu. Sindikunama, nthawi ina ndinasuntha phewa kuti ndimupatse malo munthu woti aweramire pambali panga.

Thovu linayamba kuchepa. Linasanduka timadontho ta mpweya tating'ono, kenako m'kapaipi munadutsa mafuta okhaokha, oyera.

"Maliko," anatero apongozi, "wauze kuti chalimba. Chikundikankha phazi."

Ndinamanga kabawuti, ndinabwezera bokosi la mpweya lija, ndinalumikiza batire yobwereka ku chigayo. Ndi jeke ndinachotsa zipika chimodzichimodzi. Pamene ndinkatseka boneti ndinayang'ana kumbali kuti ndiwapatse mpata wotuluka, koma iwo anangosamukira ku mpando wakumbuyo n'kukhala, patapata zili m'manja. Ndinalowa. Injini inakhosomola, inakhosomolanso, kenako ng'oma ija inalira, nkhuku n'kubalalika. Ndinaponda kilachi, giya inalowa mosakana. Ndinanyamula phazi pang'onopang'ono, ndipo penapake pakati ndinamva galimoto ikugwira, ngati munthu wakugwira dzanja. Mtengo wa mango unayamba kubwerera m'mbuyo.

Tinatsika kanjira ka kumanda pa giya yoyamba. Pa mphambano tinapeza lole ya ku Limbe itaima, dalaivala akufunsa njira, ndipo anachita kutipatukira. Anthu kumanda anamva kulirako tisanaoneke. Pamene tinkatulukira m'nkhungu amuna anali ataimirira, mafosholo ali m'manja, ena atagwira pakamwa. A Bizwick anavula chipewa, anayenda mozungulira galimoto, kenako anapita okha kukalankhula ndi anthu a lole aja kuti abwerere.

Ndinazimitsa injini m'mphepete mwa manda. Apongozi sanatuluke msanga. Pa kagalasi ndinawaona akuyang'ana chiliza chatsopanocho, simenti ikadali yaiwisi, ndipo ndinathawitsa maso.

"Maliko," anatero, "wagwira ntchito, mwanaka. Galimoto yako ndi iyi, yabwera ndi miyendo yake. Kapume tsopano. Awa ndilankhula nawo ndekha."

Kenako ananena molunjika kumsana kwanga. "Bambo a Tadala, zikomo. Pobwerera muyendetse bwino, pali mwala paja pokhota."

Ndinayankha kuti, "Ndamva, amayi." Misozi inali ikutsika ndipo sindinaibise.

Galimotoyo inakhala nafe mpaka apongozi eni ake ananena kuti ipite, ndipo inachoka yathunthu, ikuyenda yokha, ndi munthu woikonda. Ine lero ndili ndi kagalaja kanga ku Chiringa, ndipo makilachi ndasintha ambiri, a malole ndi a maminibasi omwe. Zida zotulutsira mpweya munthu ali yekha ziliko, ndinaziona, koma sindinagule. Ndikafika pamenepo ndimaitana mwini galimoto kuti akhale pa mpando aponde yekha, ine ndili kuseri kwa boneti, ndipo sindimuthamangitsa. Ndinaphunzira kuti woponda ndiye amadziwa ngati chalimba, ndipo wa sipanala ntchito yake ndi kumvetsera. Anthu amanena zambiri akakhala kuti sakukuona nkhope, ndipo ine ndimangotsegula ndi kutseka kabawuti mpaka thovu litatha.

Apongozi akalipo, akalamba ndithu. M'maso sitiyang'ananabe, ndipo pa kanjira ka kudimba ndimapatukirabe m'nandolo. Koma akafika pamene ndaimapo amaima nawonso, n'kundifunsa okha mmene ndadzukira.